Andisankha utcheyamani koma pagulu mawondo amagwedera: ndikonzekere bwanji?

Funso la ulendo uno lachokera kwa bambo wina wa ku Rosettenville, kwawo ndi ku Ntcheu. Ndalifupikitsa pang'ono:

"Ndakhala kuno ku Joni zaka 9, ndimagwira ntchito yosamalira maluwa ndi kapinga m'nyumba za anthu. Mu Malichi anzanga anandisankha kukhala tcheyamani wa kagulu kathu ka maliro. Tilipo anthu 60 ndipo timasonkha R100 pamwezi kuti mnzathu akatisiya, thupi lake likagone kumudzi. Chaka chatha zovuta zinatigwera katatu, maliro alionse anatidyera pafupifupi R28,000, thumba linauma mpaka tinachita kuyenda khomo ndi khomo kupemphetsa. Komiti yagwirizana kuti tikweze chopereka chifike R150, ndipo akuti ine ndi amene ndikawauze anthu pa msonkhano waukulu wa mu Julaye. Koma ine chibadwire sindinalankhulepo pagulu. Ndikangoimirira mtima umagunda, m'kamwa mumauma, zonse zimene ndinakonza zimabalalika. Ndikonzekere bwanji?"

Bambo tcheyamani, pepani ndi zovuta zitatu zimene zinakugwerani chaka chathachi. Kunyamula maliro kudziko la eni si masewera, ndipo amene anayendapo ndi kope usiku kulemba mayina a osonkha amadziwa kulemera kwake.

Ndiyambe ndi kukudabwitsani pang'ono: vuto lanu lalikulu si mantha ayi. Za mantha tikambirana chakumapeto, ndipo si nkhani yaitali. Ine ndakhala ndikuphunzitsa anthu kulankhula pagulu kuyambira ndili mphunzitsi wa sekondale kumudzi, komwe ndinkasula ana pa mipikisano ya mtsutso, mpaka kuno komwe Loweruka lambiri limandipeza nditagwira maikolofoni pa ukwati, pa chinkhoswe kapena pa msonkhano wa mpingo. Mwa anthu onse amene ndinawaonapo zikuwakanika, ochepa kwambiri anagwetsedwa ndi mantha. Ambiri anaimirira asakudziwa chimene akufuna kwa anthu akhala pansiwo.

Ndiye usiku uno, musanagwire cholembera kuti muyambe "kulemba sipichi", malizitsani chiganizo ichi mokweza: "Ndikakhala pansi, ndikufuna anthuwa achite chakuti." Chikhale chinthu chimodzi, chooneka ndi maso. Chanu n'chosavuta kupeza: akweze manja kuvomereza R150 kuyambira mwezi wa Ogasiti. Osati "amvetse kufunika kwa umodzi" ayi, mlembi sangawerenge umodzi. Mukachipeza, mfundo iliyonse imene ikubwera m'mutu muifunse kuti, kodi iwe uthandiza kuti dzanja la munthu likwere? Ikakana, isiyeni kunyumba. Ndikuchenjezerenitu, a komiti anu adzafuna kukusenzetsani katundu wawo. Wina adzati mukatchuleko za anthu ochedwa pa misonkhano, wina za mayunifolomu a gulu, wina za mnyamata uja anatukwana pa gulupu ya WhatsApp. Zonsezo ndi nkhani ndithu, koma zipite kwa mlembi, zikakambidwe ya ndalama itatha. Munthu amene mwangomudzudzula kumene kuti amachedwa sangakukwezereni dzanja kuti awonjezere R50.

Tsopano tsinzinani muone anthu amene adzakhale pa mipando ija. Pali mayi wogwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg, amene Lamulungu ndi tsiku lake lokhalo lopuma, ndipo wakwera matakisi awiri kuti afike. Pali mnyamata wa mu shopu ku Mayfair amene wachita kupempha abwana ake kuti atulukeko maola atatu. Pali wowotcherera zitsulo, telala, mlonda amene waweruka m'mawa maso ali psuu, ndi wina amene anatsika basi pa Park Station miyezi iwiri yapitayo ndipo mpaka lero akudya kwa mlamu wake. Aliyense wa amenewa ali ndi lendi, ali ndi ana a sukulu kumudzi, ali ndi mayi amene amadikira uthenga wa Mukuru pakutha pa mwezi. Choncho pali mawu amene ndikukuletsani kotheratu: musadzanene kuti "R50 ndi kandalama kochepa". Ndamva atsogoleri ambiri akutero, ndipo nkhope za anthu zimagwa nthawi yomweyo. Nenani zoona zake, kuti mukudziwa R50 ndi thiransipoti, ndi ufa, ndi mayunitsi oimbira kumudzi, ndipo simukanaipempha pakanakhala njira ina.

Pagulu la Amalawi kuno simusowa Ayao, Atumbuka, Atonga, Alhomwe ndi Asena, Akhristu ndi Asilamu atakhala benchi imodzi. Chimene chimatikumanitsa ndi Chichewa, ndiye lankhulani chimenecho, cha tsiku ndi tsiku. Musakakamize Chingerezi kuti muoneke tcheyamani wophunzira, komanso musathire Chizulu chambiri, obwera kumene angasochere. Manambala okha atchuleni monga timatchulira pa msika; mukayamba "makumi asanu ndi awiri kudza mphambu ziwiri" anthu adzayamba kuwerenga zala m'malo momvera inu. Mukafuna kutchula Mulungu, mutchuleni m'njira yoti shehe ndi mkulu wa mpingo onse agwedeze mutu.

Ndipo musadzione wochepa chifukwa choti muli kwa eni. Mmodzi mwa anthu odziwa kulankhula amene dziko lino linawaonapo anali wa kwathu, Clements Kadalie, Mtonga wa ku Nkhata Bay amene anaphunzira ku Livingstonia. Mu 1919 anayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU ku Cape Town, likulu lake linadzasamukira kuno ku Johannesburg m'zaka za m'ma 1920, ndipo anthu miyandamiyanda ankasonkhana kudzamumva. Sankabwera chifukwa cha kukoma kwa Chingerezi chake chokha. Ankanena za malipiro, za mapasi, zinthu zimene aliyense m'khamulo anagona nazo usiku wathawo.

Tibwere ku masamu, pakuti apa ndi pamene pagona nkhani. Ndawerengera kuchokera m'kalata yanu yomwe. Anthu 60 akamapereka R100 mwezi uliwonse, pachaka thumba limalandira R72,000. Maliro atatu a R28,000 ndi R84,000. Ndiye kuti ngakhale aliyense akanalipira osaphonya mwezi ndi umodzi womwe, mukanaperewerabe R12,000. Pa R150 chaka chimabweretsa R108,000: maliro atatu alipiridwa, n'kutsala R24,000 yoyambira achinayi. Musawerenge lipoti lonse la msungichuma, khutu silisunga manambala ngati diso. Tengani atatu okha, zolowa, zotuluka ndi zoperewera, muwalembe ndi zilembo zikuluzikulu pa katoni yoti wa kumbuyo aone, ndipo nambala iliyonse muitchule kawiri, mosathamanga. Ya R108,000 ibwere payokha, anthu atameza kale zitatu zoyambazo.

Koma ndili ndi funso limene kalata yanu sinayankhe: kodi onse 60 amalipiradi? Ndikufunsa chifukwa sindinaonepo kagulu ka maliro kopanda angongole. Ngati alipo khumi kapena kuposerapo amene ali m'mbuyo, dziwani kuti bambo wina adzaimirira, chipewa m'manja, n'kunena kuti, "A tcheyamani, mukutikwezera ife okhulupirika pofuna kukwirira dzenje la anthu osalipira." Ndipo adzakhala akunena zoona. Funso lachiwiri mwina palibe amene adzalitulutse, koma lidzakhala m'mitima ya ambiri: ndalama zathuzi zimayenda bwanji? Tonse tinamvapo za msungichuma wa kagulu kena amene anazimitsa foni thumba lili m'manja mwake. Mafunso awiriwa musadikire kuti akugendeni nawo. Atchuleni nokha muli chiimire, ndipo muwayankhe: "Ndikudziwa ena mukuti, nanga osalipira aja? Komiti yagwirizana chakuti." Zikatero ndiye kuti komiti iyenera kukhala itagwirizanadi kanthu Julaye asanafike, kaya ndi kuti wotsalira miyezi itatu aitanidwe kudzafotokoza, kaya ndi njira ina imene malamulo anu amalola. Kope la ndalama, malisiti a kampani yonyamula maliro ndi sitetimenti ya ku banki zikhale pa tebulo poonekera, muuze anthu kuti aliyense ali ndi ufulu wozitsegula.

Aristotle wa ku Greece, zaka zoposa 2,300 zapitazo, anaphunzitsa kuti wolankhula amakopa anthu ndi zinthu zitatu: khalidwe lake, kukhudza mitima ya omvera, ndi mfundo zomveka. Pa nkhani ya ndalama za maliro choyambacho ndi chimene chimalemera. Inu apa muli ndi mwayi. Anthuwa anakusankhani okha mu Malichi, amakudziwani kuti mumadyera thukuta ngati iwo omwe. Musawononge zimenezo poyesa kulankhula ngati phungu wa ku nyumba ya malamulo.

Palinso china chimene mabuku ophunzitsa kulankhula satchula kawirikawiri, koma agogo athu ankachidziwa bwino. Mfumu siifika pabwalo ndi nkhani yaiwisi. Imayamba yakhala pansi ndi nduna zake, yamva maganizo a eni mbumba, kuti pofika pansi pa mtengo paja nkhani ikhale itafewa kale. Inunso m'masabata atsalawa yenderani anthu anayi kapena asanu amene mawu awo amamveka m'gululi, makamaka uja mukumudziwa kuti adzatsutsa. Musapite kukamugonjetsa. Mukamuonetse masamu aja, kenako mumufunse kuti, "Achimwene, inuyo mukanakhala ine mukanatani?" Mwina adzakupatsani mfundo imene simunaiganizire. Mwina adzakanabe, koma pa tsikulo adzatsutsa mwaulemu chifukwa munayamba mwamulemekeza. Amayi musawadumphe. M'timagulu tambiri timene ndaona, amayi ndi amene amalipira mokhulupirika, ndi amenenso amaphika ndi kugona pa siwa, koma nkhani amaimva pomalizira.

Masamu okha sakweza dzanja la munthu. Pakufunikanso nkhani imodzi, yoona, imene inu munaiona ndi maso anu, ndipo muli nayo kale: maliro aja anapeza thumba litauma. Musangoti "tinavutika kwambiri". Aonetseni. Linali tsiku lanji, munagogoda zitseko zingati m'mafulati a ku Rosettenville ndi Turffontein, munaona bwanji mayi wina akukhuthula timakobiri ta m'botolo. Thupi linagona masiku angati ku mochale, inu mukuthamanga ndi mapepala a ku Home Affairs ndi a ku ofesi ya kazembe wathu, ndalama yolipirira galimoto palibe. Mayi ake a malemu ankaimba kangati patsiku kufunsa kuti mwana wanga anyamuka liti, kumudzi anthu atasonkhana kale, nkhuni zikutha, ufa ukutha. Kenako ulendo weniweniwo, makilomita pafupifupi 1,700: Beitbridge, Harare, Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, mpaka kukalowa pa Mwanza kapena pa Dedza. Pafupifupi aliyense m'holomo anadutsa msewu umenewo atakhala pa mpando wa basi, ndipo simudzachita kumuuza kuti tsiku lina angadzaudutse chogona, adzaganiza yekha. Mphindi imodzi ndi theka yakwana. Koma yambani mwapempha chilolezo kwa abale a malemu, dzina musatchule ngati iwo sakufuna, ndipo musakame misozi. Anthu akangozindikira kuti maliro a mnzawo mwawasandutsa nyambo, basi mwaluza.

Nanga poyambira? Apa Amalawi tili ndi matenda athu. Munthu amaimirira n'kuyamba kulonjera: a tcheyamani opuma, achiwiri awo, alembi, achiwiri kwa alembi, abusa, a shehe, amayi, abambo, anyamata ndi asungwana, mphindi zitatu n'kutha asananene kanthu. Akatero amapepesa: "Ine sindidziwa kulankhula, mundikhululukire." Kenako bodza lija timalidziwa tonse, "Ndilibe mawu ambiri," pamene akutenga theka la ola. Sindikuti mutaye ulemu, kwathu munthu sayamba nkhani asanapereke moni. Koma moni wa mpweya umodzi ndi wokwanira. Kupepesako ndiye ayi ndithu. Mukangoti simudziwa kulankhula, mwawatuma anthu kuti ayambe kusaka zolakwa zanu, pamene akanangomvetsera. Ine ndikanakhala inu ndikanayamba chonchi:

"Akuluakulu nonse, amayi ndi abambo, zikomo pobwera ngakhale kukuzizira chonchi. Chaka chatha tinaperekeza anzathu atatu kumudzi. Awiri ananyamuka bwinobwino. Wachitatu anagona ku mochale masiku akuti, chifukwa m'thumba mwathu munalibe kanthu. Ndaima pano kudzakupemphani chinthu chimodzi, kuti zimenezo zisadzachitikirenso wina aliyense wa ife."

Pamene ndati "masiku akuti" muikepo nambala yeniyeni, ndipo ngati sizinayende choncho, nenani mmene zinayendera. Anthuwa analipo, bodza laling'ono adzaligwira. Onani kuti pasanathe theka la mphindi aliyense wadziwa kale kumene mukulowera. Kuchoka apo njira ndi yowongoka: nkhani ija, manambala, mafunso awiri ovuta ndi mayankho ake, kenako pempho.

Mwambi umodzi ukwana. "Mutu umodzi susenza denga" mungousiya upumeko, wagwira ntchito pa msonkhano uliwonse kuyambira nthawi ya Wenela ndipo makutu anauzolowera. Wokuyenerani ndi "chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe", koma musaumalize nokha. Nenani theka loyamba, muime, muwayang'ane. Adzamaliza okha. Ife tinakulira pa "padangokhala" ndi "tili tonse", sitinazolowere kumva nkhani titatseka pakamwa, ndipo munthu amene wamaliza mwambi wanu ndi pakamwa pake wayamba kale kuyenda nanu.

Kutalika kwake, mphindi zisanu ndi ziwiri, zisapitirire khumi. Msonkhano wa 2 koloko mukudziwa nokha kuti udzayamba cha m'ma 3, ndipo mu Julaye dzuwa la kuno limalowa cha m'ma 5:30. Amene achokera ku Diepsloot ndi Cosmo City adzayamba kusuzumira pa foni poopa kuyenda mumdima. Pa 19 Novembala 1863 ku Gettysburg, ku America, katswiri wolankhula wa nthawiyo Edward Everett anatenga maola awiri. Pambuyo pake pulezidenti wa dzikolo, Abraham Lincoln, anaimirira n'kunena mawu osakwana 300, mphindi ziwiri zokha. Lero ana a sukulu kumeneko amaloweza a Lincoln, a Everett amawadziwa ndi okonda mbiri yakale okha. Komanso nthawi imene mwasungayo sinatayike, ndi ya mafunso, ndipo anthu amavomera msanga chinthu chimene apatsidwa mpata wochitembenuza okha.

Funso limene aliyense amandifunsa ndi lakuti, ndilembe kapena ndingolankhula za m'mutu? Zonse ziwiri, koma motsatana bwino. Ambiri a ife tikagwira cholembera Chichewa chimatiumira, chimasanduka cha chidziwitso cha boma: "Potengera ndi mmene zinthu zilili pakadali pano, komiti inachiona cha nzeru…" Palibe amene amalankhula choncho ndi mnzake. Ndiye yambani ndi pakamwa. Tengani foni, mujambule mawu anu ngati mukufotokozera mlamu wanu nkhaniyi pa WhatsApp, osakonza chilichonse. Kenako mumvetsere. Mudzapezamo ziganizo zitatu kapena zinayi zamoyo zimene cholembera sichikanakupatsani. Zimenezo ndiye muzilembe, muzisanje, muchotse zobwerezabwereza. Mukatha werengani mokweza. Pamene lilime lapunthwa kapena mpweya wathera panjira, chiganizocho n'chachitali, chiduleni pawiri.

Pepala lonselo lifinyeni tsopano likwane pa kakhadi kamodzi kolimba, ngakhale kodula ku katoni ya tiyi: mawu asanu kapena asanu ndi limodzi okukumbutsani njira, ndi manambala aja. Kakhale kolimba chifukwa pepala lopyapyala limanjenjemera limodzi ndi dzanja, anthu n'kumaonerera pepala m'malo mwa inu. Zoloweza pamtima ndi ziwiri zokha, chiyambi ndi mathero. Nelson Mandela, pa 20 Epulo 1964 m'khoti ku Pretoria pa mlandu wa Rivonia, anawerenga mawu ake papepala kwa maola angapo, mawu amene anawakonza kwa masabata ndipo maloya ake anayamba awaona. Koma atafika pa ndime yomaliza, ija yonena kuti ndi wokonzeka kufera zimene amakhulupirira, anasiya kuwerenga n'kuyang'ana woweruza. Ndime imene dziko lonse limakumbukira ndi imeneyo. Nalonso pempho lanu la R150 lisadzatuluke maso ali papepala.

Ndipo musadalire foni. Ndikuuzeni zimene zinandionekera ine. Chaka china, nthawi ija magetsi ankathimathima tsiku ndi tsiku, ndinaitanidwa kukalankhula pa mwambo wokumbukira 6 Julaye mu holo ina kum'mwera kwa tauni. Modzikhulupirira, zonse ndinasunga mu foni. Ndili pakati magetsi anathima, maikolofoni zii. Ndisanaganize chochita, mlongo wanga kumudzi anaimba pa WhatsApp, zolemba zanga n'kubisika. Ine kudula, iye kuimbanso, akuyesa ndi netiweki. Ndinangoima ngati chitsa, mpaka gogo wina wa kutsogolo anati, "Tangotiuzani za mumtima, aphunzitsi." Chinandipulumutsa ndi choti mathero ndinali nditawaloweza, ndinalumphira komweko n'kukhala pansi thukuta lili kamukamu, mu Julaye. Kuyambira tsiku limenelo ndimayenda ndi kakhadi m'thumba la jekete, ndipo ndimayeserera ngati maikolofoni kulibe. Inunso mudzafike msanga pamalopo, muime pamene mudzaime, mnzanu akakhale mpando wa kumbuyo kwenikweni, muone ngati akukumvani. Mukapatsidwa maikolofoni igwireni pafupi ndi chibwano, osaiuzira, osaimenya.

Kuyeserera ndi mokweza, mutaimirira, wotchi ikuyenda. Kuwerenga chamumtima muli gone pabedi si kuyeserera. Inu mumagwira ntchito panja, nthawi zambiri nokha: auzeni maluwa aja nkhani yanu kamodzi patsiku kwa sabata yathunthu, sakusekani. Masiku awiri otsiriza itanani mayi a kunyumba ngati muli nawo kuno, kapena mnzanu mmodzi wosanyengerera. Mukamaliza musamufunse kuti "zinali bwanji", adzangoti zinali bwino. Mufunseni kuti, "Ndapempha chiyani? Watolapo manambala ati?" Akalephera kuyankha, wolakwa si iye, bwererani ku pepala.

Tsopano mantha aja. Sadzatha, ndipo musadikire kuti athe. Ine mpaka lero m'mimba mumabwadamuka dzina langa likatsala pang'ono kuitanidwa. Chimachitika n'choti thupi likaona maso ambiri limayesa kuli ngozi, limatulutsa timadzi totchedwa adrenaline tokonzekeretsa munthu kuthawa kapena kulimbana ndi ngoziyo, mtima umathamanga, malovu amauma. Kuno zimanyanya chifukwa Johannesburg ili pamtunda, mamita oposa 1,700 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wa mu Julaye ndi wouma kwambiri. Khalani ndi botolo la madzi pafupi, osati zakumwa za gasi zimene zingakugeyetseni pa maikolofoni. "Kabotolo kamodzi kochotsa manyazi" kaja musayerekeze, pa nkhani ya ndalama fungo lokhalo likugwetsani. Akamakuitanani, kokani mpweya ndi mphuno, muutulutse pang'onopang'ono, katatu. Kutulutsa mochedwako ndi kumene kumatsitsa mtima. Musayambe kulankhula mukuyenda kuchokera pa mpando. Fikani, mapazi onse apondetse, muwerenge chamumtima mpaka katatu. Pezani nkhope zitatu zokukondani, ina kumanzere, ina pakati, ina kumanja, muzilankhula nazo mosinthanasinthana. Sindikuti mutong'olere maso akuluakulu, kwathu umenewo ndi mwano. Kungoti maso asakhale pansi kapena kudenga. Mukaiwala, imani, mumwe madzi, musuzumire pa kakhadi. Kwa inu zidzaoneka ngati chaka, kwa iwo ndi timasekondi, ndipo ambiri adzayesa mwaima dala.

Popeza udindowu mukhala nawo kanthawi, muzipeza poyeserera. Bungwe la Toastmasters, limene linayamba ku America mu 1924, lili ndi makalabu kuno ku Johannesburg, kungoti ndi m'Chingerezi ndipo pali ndalama ya umembala. Sukulu yaulere ilipo: pemphani kuti muzipereka zolengeza kumene mumapemphera, mphindi imodzi sabata iliyonse.

Pa nthawi ya mafunso, funso lililonse libwerezeni mokweza kuti onse amve, zimakupatsaninso mpata woganiza. Chimene simukudziwa vomerani kuti simukudziwa, msungichuma ayankhe. Wina akapsa mtima musakweze mawu, muthokozeni, muyankhe mfundo yake, mkwiyowo muusiye pomwepo. Gwirizananinso ndi komiti pasadakhale kuti anthu akakana R150 mungatsike mpaka pati, kuti musadzayambe kunong'onezana pa tebulo anthu akuona. R120 imabweretsa R86,400 pachaka, yongokwana maliro atatu ndi kachenje ka R2,400, ndiponso ngati onse alipira. Mukatsika kuposa apo mwabwerera ku khomo ndi khomo.

Mawu omaliza enieni asungeni mpaka mafunso atatha, kuti chomaliza kumveka m'holomo chisakhale cha wotsutsa. Mukaona kuti nkhani yapsa, imiriraninso, kakhadi m'thumba, munene zonga izi:

"Abale anga, tonsefe tinabwera kuno ndi miyendo yathu, koma palibe akudziwa kuti adzabwerera bwanji. Ndikupempha R150 pamwezi kuyambira Ogasiti, kuti amene adzatsogole pakati pathu asadzagone ku mochale kudikira kuti tipemphetse. Amene mukugwirizana nazo, kwezani dzanja."

Mukatero musawonjezere kanthu, ngakhale mutakumbukira mfundo yokoma imene munaiwala. Dzanja lanu likwere loyamba, mukhale chete, mlembi awerenge. Mudzandilembere kuti anakwera angati.